Dzira la Pansi pa Thadzi

Phokoso limene ndimalikumbukira kwambiri la masiku amenewo ndi laling'ono zedi: timilomo ta mbalame tikusenda mawere. Linkamveka ngati mvula yowaza ikamagwera pa mapesi ouma, the-the-the, kenako timankhusu n'kumagwera pansi. Ndinkakhala pakhonde nditatsamira khoma n'kumamvetsera. Anthu ankati ndine mwana wosalankhula, ndipo sankanama.

Mbalamezo zinali za bambo anga. Iwo anagwirapo ntchito ya m'dimba la maluwa kwa Mzungu wina wolima fodya kutsidya kwa malire, cha ku Fort Jameson. Mzunguyo ankaweta timbalame tachikasu toimba totchedwa kanari, ndipo pamene ankapita kunkhondo anawapatsa bambo tiwiri, kakamuna ndi kakakazi. Anabwera nato m'chikwere mpaka kumudzi kwa amayi, kufupi ndi Ludzi, kumene ankakhala chikamwini. Anamanga khola la bango ndi waya wa sefa kumapeto kwa khonde, lalitali kufika paphewa la munthu wamkulu, la kachitseko kongolowa dzanja. Mbalamezo zinaswana mpaka kukwana zisanu ndi zitatu.

Amayi anamwalira pobereka mng'ono wanga, ndipo khandalo linawatsatira. Bambo anatsala zaka ziwiri, kenako chifuwa chinawatenga. Maliro atatha, abale awo anabwera kudzatenga katundu wa mbale wawo monga mwa mwambo: njinga, bulangete, nkhwangwa ndi jekete. Mmodzi wa iwo anasuzumira m'khola muja n'kuseka.

"Izi ngakhale muziphike zonse pamodzi, msuzi wake sunganyowetse mbamu imodzi."

Anazisiya. Pa zonse za bambo, zimene ndinatsala nazo ndi zomwezo.

Ndinaleredwa ndi agogo, amayi awo a amayi anga. Ankaumba mbiya, ankanunkhiza fodya, ndipo mawu awo anali ochepa koma olasa. Mbalamezo ankazitcha azungu anga, chifukwa zinkadya osagwira ntchito. M'mawa akandipeza ndikusintha madzi m'khola ankati, "Azungu ako adya kale? Nanga ife antchito tidya liti?"

Ndinkadziwa kuzidyetsa, kuzisesera ndi kuziphimba ndi chiguduli nthawi yachisanu. Chimene bambo sanandiphunzitse ndi kulera ana ake. M'zaka zitatu zinatha imodzi imodzi. Ina inagwidwa ndi khoswe, ina inandipulumuka pakachitseko, zina zinangokalamba, ndinkazipeza m'mawa zili gada pansi. Zinatsala ziwiri, yaimuna ndi yaikazi. Kawiri konse yaikaziyo inaikira m'kachipanda kamene bambo anakamangirira pakona, inafungatira, mazira n'kuswa. Kawiri konse anawo anafa tsiku lachitatu.

Sikuti sindinkayesa. Ndinkakumbukira kuti mazira akaswa, bambo ankaika m'khola chivindikiro cha chitini chokhala ndi tinyenyeswa tachikasu. Ndinaganiza kuti chinali chimanga chachikasu chosinja. Ndinapempha chitsononkho chimodzi cha chimanga chotero kwa anthu ena, ndinasinja, ndinasefa, ndinaika. Make sanachiyang'ane n'komwe. Ulendo wachiwiri ndinachita monga tichitira ndi anapiye: ndinamwaza gaga m'chisa momwemo kuti anawo azijompha okha. Koma ana a kanari amabadwa amaliseche, osaona, khosi ngati ulusi. Amangoyasamula n'kudikira. Ndinawakwirira kuseri kwa nkhokwe, osauza munthu.

Kenako chinafika chaka chimene mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Nkhokwe inapepuka msanga. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, ndipo gaga amene kale ankapita kwa nkhuku anasanduka chakudya chathu. Mawere a mbalame anatha, ndiye ndinkapita kudambo kukapulula njere za udzu m'chipewa chakale. Yaimuna ija inali itayamba kuthothoka nthenga m'khosi, ndipo nyimbo yake inkadukira pakati. Komabe yaikazi inaikiranso mazira anayi. Tsiku lina m'mawa ndinapeza tizikamba pansi pa khola, ndipo nditasuzumira ndinaona timitu titatu tikugwedezeka. Ndinadziwa kuti awa ndi otsiriza. Akafa, yaimunayo sidzafika nyengo ina, ndipo khola lidzatsala bango lokhalokha.

Ku boma la Fort Manning kunali telala wina Msilamu, Myao, amene ankasoka pakhonde pa sitolo ya Mmwenye. Ndinamuonapo kale pamene ndinkawasenzera agogo mbiya kumsika. Pamwamba pa makina ake pankalendewera zikwere ziwiri za mpheta zakutchire zoimba, zachikasu pachifuwa. Tsiku lomwelo ndinawauza agogo kuti ndikupita kukafuna njere kudambo lakutali, ndipo ndinalunjika ku boma. Ndinathamanga mbali ina, mbali ina ndinayenda. Ndinafika dzuwa lili pamutu.

Ndinaima pafupi ndi nsanamira nthawi yaitali, osapereka ngakhale moni. Telalayo ankapondaponda makina ake, kachipewa koyera kali pamutu, ulusi uli pakamwa. Potsiriza anaimitsa gudumu.

"Mwanawe, ukufuna kuba sizasi kapena wabwera kudzafunsira mwana wanga? Lankhula."

"Ana a mbalame amadya chiyani, bambo?"

"Mbalame yanji? Khwangwala?"

"Kanari."

Analavula ulusi uja n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Iwe? Kanari weniweni wa Azungu? Wamutenga kuti?"

Ndinafotokoza mwachidule za bambo, za khola, za ana amene ankafa tsiku lachitatu, ndi za chimanga chachikasu chija. Nditafika pa chimanga anaseka mpaka kugwira pamimba, koma ataona nkhope yanga analeka.

"Sichinali chimanga chimenecho. Linali dzira. Dzira la nkhuku, lowiritsa mpaka kuuma gwaa. Umatenga chachikasu cha m'kati, n'kuchifikisa ndi zala. Make amadya, n'kukawalavulira ana kukamwa. Njere zouma mimba zawo sizingathe. Masiku oyambawa popanda dzira ndiye ukungokumba manda."

"Palibe china?"

"Chiswe chimathandizako, ngati make angachilole. Koma mbalame za Azungu n'zonyada, sizinazolowere. Akatha sabata, uziwanyikira njere mpaka zimere ngati chimera cha thobwa, akula nazo. Koma panopa dzira." Analoza pambali pa khosi lake. "Uziyang'ana apa. Chithokomiro cha mwana chimaonekera pakhungu. Chikatupa chachikasu, wadya. Chikaphwa, uyambe kulira. Aswa liti?"

"Lero."

"Ndiye ukuchedweranji pano?"

Ndinamufunsa ngati ali ndi dzira. Anapukusa mutu. Anati iye amagona kuseri kwa sitolo, alibe nkhuku, ndipo chaka chimenecho dzira ku boma linkapita kukhitchini kwa Azungu lisanazizire n'komwe. Kenako anatsitsa mawu.

"Tamvera. Bweretsa ziwirizo kuno ndi ana ake omwe. Ine ndizilera. Ndikusokera kabudula wa kaki ndi malaya, uoneke ngati mwana wa mesenjala. Taona chimene wavalachi, matako ali pamtetete."

Ndinagwira kumbuyo kwa nsanza yanga n'kupukusa mutu.

"Mwana wamakani iwe. Pita. Ukapeze dzira."

Pobwerera ndinamvetsa chifukwa chake bambo ankakonzera chakudya chija kuseri kwa nyumba, atandifulatira. Mkamwini alibe nkhuku pamudzi pa mkazi wake. Nkhuku zonse zinali za agogo. Ndipo kwathu dzira silinali chakudya wamba. Linali la kuswa, kapena lopatsa mlendo wolemekezeka. Mwana sankaloledwa kulilawa, ankati akadya adzagwa khunyu. Munthu wamkulu kuwiritsa dzira la apongozi ake n'kupatsa mpheta, mudzi wonse ukanamuyesa wamisala.

Chaka chimenecho nkhuku zambiri m'mudzi zinali zitadyedwa kapena kusinthidwa ndi chimanga. Ife tinatsala ndi thadzi limodzi lakuda, ndipo linali likufungatira mazira asanu ndi awiri m'dengu lothyoka pansi pa nkhokwe. Agogo ankaliyang'anira ngati mwana wodwala. Ankati anapiyewo akakula tidzapita nawo kutsidya kwa malire, kumene ankati chimanga chikupezekako. "Nkhokwe yathu tsopano ndi iyi," ankatero akuloza thadzilo.

Ndikanatha kuwapempha. Ndaganizapo zimenezi zaka zambiri. Koma ndinkaopa kuti ndikangotchula dzira ndi mbalame m'mpweya umodzi, adzatsegula kachitseko kaja tsiku lomwelo.

M'mawa mwake agogo anatenga khasu ndi lichero kupita kukakumba dothi la mbiya. Ndinasuzumira m'chisa. Timakosi titatu tinadzuka, tikamwa pululu, zithokomiro zili zophwa. Make ankadumpha kuchoka pa njere kupita pachisa, kubwereranso, osadziwa chochita. Ndinapita kunkhokwe, ndinagwada, ndinalowetsa dzanja pansi pa thadzi. Linandijompha kawiri pamkono. Ndinatulutsa dzira limodzi lotentha, ndinatenga chikuni chamoto ndi phale la mbiya yosweka, n'kuthawira kuseri kwa chulu.

Ndinawiritsa nthawi yaitali monga ananenera telala. Kenako ndinalisenda. Chikamba chitachoka, sindinapeze choyera kapena chachikasu. Munali mwanapiye. Anali atapindika, mutu waukulu, diso lakuda lotseka, timiyendo titakwinyika, tinthenga tonyowa titamata pathupi. Thadzi lija linali litakhalira mazirawo masiku ambiri, ndipo ine, mwana wokulira pakati pa nkhuku, sindinaganizeko zimenezo. M'mutu mwanga munali mawu amodzi okha, dzira, dzira.

Pamimba pa mwanapiyeyo panali kachikasu pang'ono kosakanikirana ndi magazi. Ndinakapala ndi kamtengo, ndinakaika pa tsamba, ndinathamanga nako kukhola. Make anakayandikira, anapendeketsa mutu, n'kuthawira pamtanda wapamwamba. Ndinadikira. Sanabwererenso. Ntchentche zokha ndi zimene zinabwera.

Agogo anafika dzuwa litapendeka. Asanatule n'komwe lichero anapita kunkhokwe monga mwa masiku onse, n'kunyamula thadzi ndi dzanja limodzi. Ndinawaona akuyang'ana m'dengu nthawi yaitali. Anayang'ana pansi ngati pali mkukuluzi wa njoka kapena mapazi a galu. Anapeza mapazi anga. Anawatsata mpaka kuchulu, ndipo anabwerako atagwira phale lija ndi zikamba m'manja.

"Iwe!"

Ndinaimirira.

"Wadya?"

Ndinaganiza kuti kuli bwino aziyesa kuti ndadya kusiyana n'kuti adziwe kumene ndinafuna kulipititsa.

Nkhope yawo inasintha. Ndinkayembekeza mkwiyo, koma chimene ndinaona chinali mantha. Anandigwira pamkono n'kundikokera kukhitchini. Anasolola mizu ina imene inali kudenga, anaisinja msangamsanga, anaithira m'madzi ofunda, n'kundipanikiza pakati pa mawondo awo ngati mbuzi.

"Imwa! Ndakwirira amako, ndakwirira khanda lawo, ndiye iwe ufuna uzindigwera pamoto ndi khunyu? Imwa, mfiti iwe!"

Madziwo anali owawa kuposa ndulu. Ndinamwa chikho chonse, n'kumwanso china. Ndinasanza kuseri kwa khitchini mpaka nthiti kupweteka, agogo atandigwira pachipumi. Nditamaliza anatola kamtengo n'kuyamba kufukula masanziwo. Munali madzi okha ndi timasamba ta ndiwo zadzulo.

"Mulibe dzira umu."

Anataya kamtengo kaja n'kunditembenukira.

"Lili kuti?"

Maso anga anandipereka. Anapita okha kukhonde. Agogo anatsata kumene ndinayang'ana, anapita kukhola, anaona tsamba lija ndi ntchentche zake. Anaima pamenepo osagwedezeka. Kenako anatambasula dzanja kulunjika pakachitseko.

Sindikudziwa mmene ndinafikira pamenepo. Ndinangopezeka ndaima pakati pa iwo ndi khola, msana nditatsamiza pa waya, ndikulankhula. Ndinalankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinalankhula chaka chimenecho. Ndinanena za ana amene ndinakwirira kuseri kwa nkhokwe, za ulendo wa ku boma, za telala, za chithokomiro, za yaimuna imene ikukalamba. Ndinati njinga anatenga, jekete anatenga, manda a bambo ali kwawo kumene sindinapiteko. Ndinati, "Agogo, zikafa izi ndiye kuti bambo sanakhalepo pano."

Anandimenya khofi limodzi, lamphamvu, khutu mpaka kulira.

"Wapha nkhuku yathunthu chifukwa cha mpheta. Nkhuku imeneyo ikanatigulira chimanga cha masiku angati? Udya nyimbo iwe? Mawa ndiwatsegulira azungu akowa, akaone okha mmene anzawo akuvutikira kutchire."

Anandisiya pomwepo. Madzulo amenewo sitinalankhulane. Ndinapita kuchulu ndi khasu kukafuna chiswe. Nthaka inali gwaa ngati mwala, ndipo chiswe chinali chitatsikira pansi kuthawa kutentha. Ndinakumba mpaka matuza kuphulika, n'kupeza tochepa tokwana pachikhatho. Make anatola kamodzi, anakatafuna, n'kukataya.

Kutacha ndinapeza mwana mmodzi ali pansi pa khola, make atamutaya kunja kwa chisa. Anali wozizira, wopepuka ngati duwa la dzungu lofota. Awiri otsalawo ankadzutsabe mitu ndikagogoda chipanda, koma mochedwa, ndipo mutu umodzi unkagwa usanayasamule n'komwe. Linali tsiku lachitatu.

Agogo anatuluka m'nyumba osandiyang'ana. Ndinagwira kachitseko ndi manja onse awiri. Koma iwo anapita kumene ankasungira mbiya zowotcha kale, anasankha mkhate waukulu umene anaukongoletsa ndi mizere pakhosi, umene ankati adzasinthitsa ndi lichero la ufa. Anausenza n'kutuluka m'mudzi kulowera njira ya ku mishoni. Ndinaganiza kuti apita kukafuna ufa, ndipo akabwerako achita zimene ananena.

Sindinachoke pakholapo. Sindinapite kukatunga madzi, sindinasese pabwalo. Ndinaganiza zothawa nazo mbalamezo kupita kwa telala uja, koma chikwere cha bambo chinali chitadyedwa ndi chiswe kalekale, ndipo ana otero sakanapirira dzuwa la m'njira. Ndinaganiza zopita khomo ndi khomo kupempha dzira, koma ndani akanapatsa mwana dzira, ndipo ndikachoka ndani akanalondera kachitseko? Ndinatafuna njere za udzu mpaka zitafewa, ndinaziika kunsonga kwa kaudzu, n'kuyesa kudyetsa mwana mmodzi ndekha. Anameza pang'ono, zambiri zinatsikira pambali pa mlomo. Winayo sanatsegule kukamwa. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ngakhale a chakudya, chifukwa ena ndinali nditaiwala. Mthunzi wa nkhokwe unafupika mpaka kulowa pansi pake. Nthawi ndi nthawi ndinkagogoda chipanda kuti ndione ngati mitu idzuka, kenako ndinaleka, poopa kuwathera timphamvu tawo.

Belu la masana litalira ku mishoni, ndinawaona agogo akubwera. Pamutu panalibe mkhate. Panalibenso lichero la ufa, kapena kathumba. Ankayenda pang'onopang'ono, dzanja limodzi atalipinda pachifuwa m'kati mwa nsalu. Anandidutsa n'kulowa m'khitchini. Ndinamva akuthyola nkhuni, akuuzira moto. Utsi unatuluka padenga. Ndinadabwa kuti akuphika chiyani, popeza m'nyumba munalibe choti n'kuphika masana.

Patapita nthawi anatuluka. Anabwera molunjika kukhola. Ndinatambasula manja kutchinga kachitseko.

"Chotsa manja pamenepo, ukuoneka ngati choopsezera mbalame m'munda."

Sindinasunthe.

"Bambo ako ankaba mazira a tsiku lomwelo, thadzi likangotetera. Zaka zonse zija ankayesa sindikuona. Ndikanawafunsa bwanji, mkamwini? Ndinkangonamizira agalu." Anafwenthera kumbali. "Iwe ngakhale kuba sudziwa."

Anandigwira dzanja lamanja, analitembenuza, n'kuikapo kanthu kokulunga m'tsamba la nthochi. Kanali kotentha moti ndinafuna kukaponya.

"Laikiridwa lero m'mawa. Mkuja ukatenge lina kwa akazi a aphunzitsi ku mishoni kuja, ukanene kuti wachokera kwa mwini mkhate. Choyeracho usataye, ubweretse kuno, ndidya ine. Ndipo ukalawako ngakhale kunyambita chala, ndikumwetsanso mizu ija."

Anatola dengu lawo pakhonde n'kutsetserekera kudambo kukafuna ndiwo.